ANambewe ndi duwa lomwe linakana Malichi

Mukafika pa msika wa Kapata n'kufunsa komwe kuli chikanda chenicheni, palibe amene adzataye mawu. Adzangokulozerani ndi chibwano. Tsatani chibwanocho, mukapeza ambulera yomwe kale inali yofiira, ndipo pansi pake pali mayi wamfupi wa mikono yoti ikhoza kugwetsa ng'ombe yamphongo. Ameneyo ndiye Ketilina Mbewe, koma dzina limeneli limangomveka kuchipatala ndi tsiku la mavoti. Masiku ena onse ndi aNambewe.

Anabadwira ku Kasenengwa, m'mudzi wa m'mphepete mwa dambo. Akuti atabadwa azamba anati, "Alira manje manje uyu," koma mwanayo anangoti duu, kukana kulira pa nthawi yonenedwa ndi munthu wina. Chikanda anachidziwa asanadziwe kumanga chitenje. Mvula ikafika pakati, mu Januwale, dambo lonse linkadzaza timaluwa toimirira pa kamtengo kamodzi, ndipo amayi awo ankawaonetsa malowo kuti awasunge m'mutu. Mvula ikatha, udzu n'kuuma, ankabwererako ndi kakhasu kukakumba timbatata take. Zotsatirazo mukuzidziwa: kutsuka, kuyanika, kusinja, nsinjiro, soda, mchere, tsabola, kenako kutakasa mpaka thukuta lifike kuzidendene, makala pachivundikiro.

Anakwatiwa ndi a Andireya Daka, telala wa pakhonde, nasamukira ku komboni ya Nabvutika. A Daka ndi munthu wofatsa kwabasi. Ntchito yawo yoyamba m'banjamo ndi kusoka, yachiwiri ndi kuvomera.

Koma chimene chinatchukitsa aNambewe si chikanda chokha ayi. Ndi mawu awo. Mayiwa akanena chinthu, chimachitika, chifune chisafune. Akati mvula Lachinayi, anthu amaanula zovala Lachitatu. Chaka china mitambo inafuna kuchita mwano, koma itaona nkhope yawo inangogwetsa madzi mwamanyazi n'kumapita. Ndipo munthu wolonjeza osachita samamufuna ngakhale pamaliro. Wamakala wina anati abwera Lolemba n'kubwera Lachiwiri, ndipo sanapatsidwenso moni chiyambire nthawi ya ndalama zakale zija za maziro ambiri. Nkhanza zimenezi zili ndi muzu wake. Mkulu wawo wa aNambewe anasiyidwa ndi mwamuna amene anapita kumigodi akuti abwera pa Khirisimasi, n'kudzabwera ali ndi imvi ndi chifuwa. Kuyambira pamenepo aNambewe analumbira kuti mwana wawo aliyense sadzakwatiwa ndi munthu wa mawu owola.

Tsono chitsirizira chawo, Tereza, anaphunzira unamwino n'kupita kukagwira ntchito ku Mangalande. Kumeneko anapeza mwamuna, dzina lake Malcolm, woyendetsa basi zosanjikiza zija, wamtali moti pakhomo la ku Nabvutika ankalowa ngati akupepesa. Anabwera naye mwezi wa Ogasiti kudzamuonetsa. M'ndege monse Tereza anamuphunzitsa zinthu zitatu: kugwada, kuomba m'manja, ndi lamulo lalikulu kuposa onse, loti apongozi satsutsidwa. Chilichonse angafunse, yankho ndi limodzi: "Zili bwino, amayi."

Malcolm anagwada bwino ndithu, mawondo kuchita kulira ngati nkhuni zouma. Kenako anapereka mphatso yomwe anaifungatira ulendo wonse, ili ndi mapepala aboma ochuluka kuposa a iye mwini. Kanali kamphika, ndipo m'menemo munali masamba angapo onenepa ngati malilime a ng'ombe, ndi mizu yotuwa yolendewera kunja ngati nyongolotsi zokhuta.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa aNambewe, maso ali kukhoma, pajatu apongozi sayang'anana.

"Akuti ndi duwa la malemu amayi awo," anamasulira Tereza. "Kwawo amati okidi. Ndi pachibale ndi chikanda chathuchi, amayi."

"Pachibale?"

ANambewe anapisa chala mumphikamo, kufufuza ngati wapolisi. Dothi munalibe, makungwa okhaokha.

"Nanga chikanda chake chili kuti?"

"Lilibe, amayi. Ndi la maluwa chabe."

"Ndiye m'bale wanji wobwera chimanjamanja? Maluwawo nawo ali kuti? Anagwera m'ndege?"

Malcolm anafotokoza, Tereza akumasulira, kuti chaka chilichonse kuzizira kukangotha, mu Malichi, duwalo limatulutsa maluwa oyera okhala miyezi, ndipo silinaphonyepo chiyambire amayi ake ali moyo.

"Mufunse bwino," anatero aNambewe. "Akuti Malichi?"

"Malichi," anatero Malcolm yekha, monyadira, osadziwa kuti akudzikumbira dzenje.

"Chabwino. Duwali likatulutsa maluwa mu Malichi, atumize ankhoswe, ine ndivina mpaka chitenje kugwa. Likapanda kutulutsa, mwana wanga sakwatiwa ndi wabodza. Ndanena ine."

A Daka anatsokomola pang'ono, koma chifuwa chawo sichiwerengedwa m'nyumba imeneyo. Tsoka lake, pakhomo panali a Hadijah, mnzawo wa aNambewe wogulitsa zitumbuwa ndi masamusa pa tebulo loyandikana ndi lawo kumsika, amene anabwera akuti kudzabwereka sefa. Dzuwa lisanalowe, Nabvutika yense anali atamva, ndipo pofika m'mawa nkhaniyo inali itawoloka kale malire a dziko pa Mwami popanda chiphaso. Tereza anaseka ndi pakamwa pokha. Ankawadziwa amayi ake, ndipo ankadziwanso kuti iye sangaime pa guwa popanda dalitso lawo.

Kuti asaoneke ngati olandira chabe, aNambewe anasankha timbatata ta chikanda taiwisi, tonenepa, tomwe anali asanayanike.

"Umuuze akabzale mumphika, azithirira. Mu Januwale aona maluwa enieni, okhala ndi chakudya pansi. Januwale. Ndanena ine."

Malcolm anayenda m'maofesi kufuna mapepala a timbatatato mpaka nsapato kupendekeka, kenako awiriwo anakwera ndege.

Duwa lija linayamba moyo wa ufumu. Wailesi ya a Daka inachotsedwa pamwamba pa kabati popanda chenjezo, pamalo pake n'kuyalidwa kansalu koluka, duwa n'kukhazikidwa. Mawindo ankatsekedwa msanga kuopa kuti mlendo angagwidwe chimfine. Azimayi a kutchalitchi ankabwera kudzaliona atavula nsapato. Ana a m'komboni analipatsa dzina loti a Malichi, ndipo podutsa pa msewu ankafuula, "Mwauka bwanji, a Malichi!" A Daka ankamvera mpira ali panja, wailesi ili pamwendo, ngati munthu wa lendi.

Januwale atafika, aNambewe anaimbira Tereza foni.

"Mupatse mwamunayo. Apongozi, chikanda changa chatulutsa maluwa?"

Kutsidya uko Malcolm anayang'ana mphika womwe unali pawindo. Munali dothi lokhalokha, lozizira ngati mphuno ya galu, ndipo kunja kunali kutayera mbuu ndi chisanu. Anakumbukira lamulo la m'ndege. Anagwada pa kapeti, foni ili kukhutu.

"Zili bwino, amayi."

M'mawa mwake msika wonse unauzidwa kuti mawu a aNambewe amagwira ntchito ngakhale kutsidya kwa nyanja zamchere.

Ndiye Malichi analowa. ANambewe ankadzuka n'kuyamba kusuzumira duwa asanasukusule. Ankalitembenuza, kulinunkhiza, kulilankhula mwaulemu. Mlungu wachiwiri ulemu unachepa. Mlungu wachitatu anayamba kulionetsa kalenda ya kuparishi, chala chili pa tsiku. Duwalo linayankha potulutsa tsamba limodzi latsopano, lonyezimira, lamwano.

"Amake Tereza," anatero a Hadijah kumsika, akutembenuza zitumbuwa zogulitsa madzulo, poti unali mwezi wa Ramadani, "a Malichi akuti bwanji lero?"

"Samalani mafuta anuwo, akupsa."

"Musawakakamize, mnzanga. Ife tikusala, inu Akatolika mukusala, mwina nawonso alowa m'gulu. Kodi munawafunsa mpingo wawo?"

"Mwezi sunathe, inu."

Koma mwezi unatha. Malichi anatuluka osatsazika, ndipo tsiku loyamba la Epulo aNambewe anavala chitenje chawo cha milandu, chija chakuda cha nsomba zachikasu, n'kuimba foni.

"Tereza, ukwati kulibe."

"Amayi! Chifukwa cha duwa?"

"Chifukwa cha mawu. Lero akunamiza duwa, mawa adzanamiza iwe."

Tereza analira, ndipo m'kulira momwemo anaulula. "Nanga chikanda chanucho, amayi? Sichinamere n'komwe! Muli dothi lokhalokha mpaka lero. Malcolm ankangokupatsani ulemu, ndine ndinamuphunzitsa!"

Ankaganiza kuti akuzimitsa moto, osadziwa kuti akuthira parafini.

"Ehe! Ndiye wanama kawiri! Chikanda changa sichikana kumera. Anadya ameneyo. Tamuyang'ane bwino m'mano."

Foni itadulidwa, chigamulo chinagwera a Malichi. ANambewe anatsitsa mphika pakabati, anatenga mpeni, anatenga nsinjiro ndi tomato.

"Maluwa lakana, chikanda lilibe. Ndiye likhale ndiwo."

Apa panachitika chinthu chomwe Nabvutika sanachionepo. A Daka anasiya kupalasa makina, anaimirira, n'kulankhula osafunsidwa.

"ANambewe, pepani. Limenelo ndi duwa la malemu. Mukadya, malemuwo n'kubwera kudzalifuna m'mimba mwanu, mudzalankhula nawo chilankhulo chanji?"

ANambewe anaima, mpeni uli m'mwamba. Mizimu ya ku Kasenengwa amaidziwa kolowera, koma ya ku Mangalande sanayesepo.

"Chabwino. Koma m'nyumba mwanga muno lisagonenso. Likagone ndi akadzidzi."

Choncho chilango cha imfa chinasanduka chothamangitsidwa. A Daka anachotsa duwalo mumphika, nakalimangirira pa mphanda ya mtengo wa mango kuseri kwa bafa, ndi tizidutswa ta nsalu totsala pa madiresi a anthu. M'mawa uliwonse ankaliwaza madzi otsala posukusula, n'kulinong'oneza kuti lilimbe mtima, poti iwonso anazolowera. Wailesi inabwerera pakabati, koma sanaikweze mawu.

Miyezi yotsatira inali yolemera. Tereza ankaimba Lamlungu lililonse kale, tsopano ankangotumiza moni wamfupi ngati wa munthu wa kuofesi. ANambewe sanadandaule ndi pakamwa, koma makasitomala anayamba kunong'onezana kuti chikanda chachuluka mchere, ndipo tsiku lina anaiwala tsabola, chinthu chomwe m'mbiri ya Kapata chimaikidwa pamodzi ndi kadamsana.

Kenako kunabwera Julayi ndi mphepo yake yotsika m'mapiri, ija imalowa pa khosi n'kutulukira ku zala za kumapazi. M'mawa wina Loweruka aNambewe anali pa tebulo lawo atavala juzi ziwiri, jekete ya a Daka, chipewa choluka, ndi bulangete pamwamba, moti wogula ankayamba wafufuza komwe kuli nkhope. Foni inalira. Inali ya vidiyo.

"Amayi, musalankhule," anatero Tereza. "Ingoonani."

Pa galasipo panaoneka Malcolm ali panja pa udzu wobiriwira, dzuwa likuswa mtengo, iye atavala kabudula, mawondo ali psuu ngati tomato. M'manja ananyamula mphika. Mumphikamo munali kamtengo kamodzi koimirira, kodzaza timaluwa tofiirira kuyambira pakati mpaka kunsonga. ANambewe sanafunike kuuzidwa. Tinali timaluwa tomwe tija ta m'dambo la ku Kasenengwa, tomwe amayi awo ankawalozera.

"Zapulasitiki izo," anatero, koma mawu anatuluka opanda msana.

Tereza anathothola kaduwa kamodzi n'kukafinya pafupi ndi galasi. Kanatuluka madzi.

A Hadijah anali atasiya kale masamusa m'mafuta, chibwano chili pa phewa la mnzawo.

"Mashallah, koma chakongola! Amake Tereza, paja munati chitulutsa liti?"

ANambewe anakokera chipewa chawo kumakutu.

"Makutu angawa akalamba, mnzanga, ndikumbutseni. Munati Julayi?"

"Ndinati Januwale."

"Aaa, Januwale! Ndiye nanunso mwaphonya ngati mzungu wanuyo, ndi theka la chaka lathunthu. Manje tithandizeni lamulo lija. Wabodza sakwatira, tinamva. Nanga wabodza amaloledwa kukwatitsa mwana?"

Azimayi a tomato anasiya kuwerengera makasitomala. Wogulitsa kapenta anatsitsa wailesi. ANambewe anayang'ana mawondo a Malcolm, anayang'ana bulangete lawo, anayang'ananso mawondo aja.

"Iwe Tereza, kumeneko kukutentha?"

"Kwambiri, amayi. Dzuwa likuchedwa kulowa, tikumagona kukadali kowala."

"Nanga mu Januwale muja?"

"Madzi ankauma m'mapaipi, amayi. Simunkationa tili m'majasi pa Khirisimasi?"

Ankawaona ndithu, chaka ndi chaka, koma ankayesa ndi matama chabe, kufuna kuonetsa zovala. Tsopano mutu wa mlimi wa ku Kasenengwa unayamba kugwira ntchito pansi pa chipewa choluka. Chikanda sichinapite kusukulu. Januwale sichimudziwa. Chimadziwa kuti nthaka yafunda, madzi abwera, tiyeni. Ngati kwa eni akewo kufunda kumabwera mu Julayi, ndiye kuti chikandacho chinangodikira Januwale wa kumeneko. Ndipo ngati chikanda chinadikira kufunda, ndiye kuti mlendo uja wa kuseri kwa bafa...

"Hadijah, ndigwirireni tebulo!"

Chibadwire sanasiyirepo munthu tebulo. Anaimitsa njinga ya hayala, anakwera ndi bulangete lawo lomwe, akufuula kwa mwini njingayo kuti apalase ngati akuthawa apongozi. Anthu a m'njira anaganiza kuti kwagwa maliro kapena kwatsika mtengo wa feteleza.

Anadutsa a Daka pakhonde osapereka moni, molunjika kuseri kwa bafa. Pa mphanda ya mango paja, a Malichi anali atagwira khungwa ndi mizu yawo ngati anabadwira pomwepo. Ndipo pakati pa masamba panali patatuluka kamphukira kobiriwira, kotalika kuposa chala, kopindikira kumwamba, kunsonga kwake kuli timatuza tating'ono.

"A Daka! Bwerani kuno! Mwachiona ichi?"

A Daka anabwera, tepi ili pakhosi. "Ndinachiona kalekale, aNambewe. Chinayamba mphepo itangoyamba."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Simunandifunse. Komanso mnyamata uja ananena bwinobwino kuti kuzizira kukatha. Inu munangotola Malichi, kuzizirako munakusiya pamphasa. M'nyumba muja munkalifunditsa ngati khanda, likanadziwa bwanji kuti chaka chatembenuka? Linathandizidwa ndi kuthamangitsidwa kuja."

Ataona kuti lero akumvedwa, a Daka anakula mtima. Anatenga lalanje, analibaya ndi singano yaikulu kuchokera pamwamba mpaka pansi, analipendeketsa, n'kuyamba kulizungulitsa mbaula.

"Mbaulayi ndi dzuwa. Lalanjeli ndi dziko. Limayenda chopendekeka chonchi. Apa pamwamba ndi kwa apongozi anu, apa pansi ndi Nabvutika. Pamwamba pakaweramira kumoto, ife pansi pano tikunjenjemera. Likazungulira mbali iyo, ife tikuwotha, iwo akunjenjemera. Mwezi ndi umodzi, koma nyengo timachita kulandirana."

ANambewe anaonerera mpaka lalanje litazungulira kawiri. Kenako analilanda, anazula singano, analisenda, n'kulidya lonse, Mangalande ndi Nabvutika yemwe.

Madzulo ake anavalanso chitenje cha milandu n'kuimba foni, a Hadijah ali pambali ngati mboni.

"Ndaufufuza mlanduwu mpaka pansi," anatero. "Mwamunayo sananame. Inenso, mwachidziwikire, sindinaname. Wolakwa ndi dziko, lomwe likuyenda chopendekeka ngati tebulo la kumowa. Za Januwale zija, zoti zili bwino pomwe mumphika muli dothi, mlandu ndi wako iwe Tereza, unamuphunzitsa ulemu wopitirira muyeso. Umuuze kuti kuyambira lero akaona dothi azinena kuti dothi. Atumize ankhoswe."

Kutsidya uko kunamveka kukuwa, kenako phokoso la mawondo akugunda pansi.

"Zili bwino, amayi!" anafuula Malcolm, ndipo ulendo uno zinali zoona.

Maluwa anatseguka mu Seputembala, kuzizira kutatha monga ananenera mwini wake. Anali oyera, aakulu ngati chikhatho cha mwana, pakati pali kofiirira, atandandalika pa kamtengo ngati agulugufe pa mzere wa kuchipatala. Anakhala mlungu, anakhala mwezi, osafota, mpaka a Hadijah anabwera kudzawatsina kuti atsimikize. Ukwati unachitika mu Okutobala, dzuwa likusungunula phula pa msewu. Poti a Malichi anakana kusiya mtengo wawo, phwando linachitikira pansi pa mango pomwepo, ndipo a Daka anachita kusamutsa bafa. Malcolm anatuluka thukuta lokwana kuthirira dimba, anadya chikanda mpaka Tereza kumulanda mbale, ndipo aNambewe anavina monga analonjezera. Chitenje chinagwadi, koma anali atavala china m'kati, poti ndi munthu wokonzekera mawu ake.

Mpaka lero ali pansi pa ambulera yomwe ija, ndipo mawu awo sagwa pansi. Chinangosintha ndi kamchira kamene amawonjezera. Tsiku lina mayi wina wogula anawafunsa kuti mvula iyamba liti.

"Mlungu wa mawa, Lachinayi," anatero aNambewe, akudula chikanda. Kenako anakweza mpeni n'kuloza pansi. "Kuno. Za kumtunda kwa lalanje uko mukafunse apongozi anga."